Khalidwe la mwana limayambira pa chenje cha K3

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa dandaulo lomwe lili pakamwa pa aliyense kuno kum'mawa kwa Zambia. Pamaliro, pamisonkhano ya makolo kusukulu, ngakhale pa wailesi anthu akamaimba foni madzulo, mawu ndi amodzimodzi, akuti ana a masiku ano alibe mwambo. Ife olemba kalatayi ndife aphunzitsi ndi alangizi a ku Chipata ndi ku Katete, ndipo dandauloli sitikulitsutsa. Anyamata osokoneza ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, omwe anthu akuwatcha majanki, alipodi m'makomboni. Atsikana akusiyadi sukulu chifukwa cha mimba. Ana akubadi ndalama m'nyumba za makolo awo kuti akabetche mpira. Chomwe chatikhalitsa pansi kulemba ndi mankhwala omwe anthu akupereka. Ena akuti chikwapu chibwerere. Ena akuti boma liwonjezere phunziro la makhalidwe pa ndandanda ya maphunziro. Mankhwala awiri onsewa sangachize nthendayi.

Za chikwapu tinene mwachidule. Kumenya ana m'masukulu kunaletsedwa mu 2003, lamulo la maphunziro la 2011 linabwerezanso, ndipo lamulo loteteza ana la Children's Code Act la 2022 linatsekeratu khomo. Chikwapu sichibweranso m'kalasi. Ngakhale m'masiku ake, chomwe chinkaphunzitsa bwino kwambiri ndi luso losagwidwa, moti mwana womenyedwa kawirikawiri ankasanduka katswiri wa bodza. Za phunziro latsopano, ana athu amaphunzira kale zachipembedzo ndi za unzika, ndipo gawo 8 la malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2016, limatchula makhalidwe abwino ndi kukhulupirika pakati pa mfundo za fuko, zomwe Pulezidenti amakafotokozera nyumba ya malamulo chaka ndi chaka. Mawu ndiye tili nawo ochuluka. Mwana angathe kulemba tanthauzo la chilungamo pa mayeso n'kukhoza bwino, potuluka n'kusolola cholembera m'chikwama cha mnzake.

Komabe odandaulawa ali ndi mfundo imodzi yomwe tiyenera kuivomereza. Tinachotsa chikwapu osaikapo china, ndipo pa nthawi yomweyo zinthu zina zomwe zinkaumba mwana zinatha mwakachetechete. Gowelo la anyamata linatha. Kuka, komwe atsikana ankagona ndi agogo awo n'kumamva malangizo usiku, kunatha. Atsibweni, eni mbumba, ali ku Lusaka kapena ku migodi ndipo amaona adzukulu awo pa maliro okha. Tikafunsa chomwe chinkagwira ntchito m'makonzedwe akalewo, yankho lili pa khola la mbuzi. Mnyamata ankatulutsa mbuzi khumi ndi ziwiri m'mawa. Dzuwa likamalowa, munthu wamkulu ankaima pakhomo pa khola n'kuwerenga. Ikasowa imodzi, mnyamatayo ankabwerera kuthengo. Zikadya chimanga cha eni, ankapita limodzi ndi atate ake kukapepesa, n'kuona ndi maso ake dengu la chimanga likutuluka m'nkhokwe yawo kukalipira. Pamenepa pali zinthu zitatu: mwana wapatsidwa chinthu chenicheni choti asunge, wamkulu wabwera kudzawerenga, ndipo cholakwa chabwezedwa. Zitatuzi zilibe mtengo, ndipo zingachitike m'nyumba ya chipinda chimodzi ku Nabvutika monga momwe zingachitikire kumudzi ku Chadiza.

Poyambira pake ndi pa kutuma. Mwana wa zaka 6 kapena 7 angathe kutumidwa ku kantemba ka pafupi. Mumpatse K20 kuti akagule zinthu za K17. Asananyamuke anene yekha mokweza zomwe akukagula ndi chenje chomwe abwere nacho. Akabwerako, siyani chomwe mukuchita, ngakhale nsima ili pamoto, ayale zinthuzo ndi ndalama pa mphasa muwerengere limodzi. Zikakwana, nenani zomwe mwaona: "Ndinakutuma zitatu, wabweretsa zitatu, chenje chakwana." Mawu amenewa amamanga mwana kuposa kumuuza kuti ndiwe mwana wabwino, chifukwa akumuonetsa chenicheni chomwe wachita bwino, ndipo mawa adziwa chobwereza.

Apa ndi pomwe makolo ambiri amagwa. Lero awerenga, mawa atanganidwa angoti "ika apo", mkuja akuti "sunga ugule switi" asanaone n'komwe kuti zatsala zingati. Mwana ndi wochenjera. Pakatha milungu iwiri wazindikira kuti palibe amene amawerenga, ndipo K1 yoyamba imasowa. Sikuti wabadwa wakuba, wangoyesa chitseko n'kupeza chosakhoma. Ngati mukufuna kumupatsa chenjecho, yambani mwalandira chonse m'manja mwanu, kenako mutengepo n'kumupatsa. Aone kusiyana kwa chinthu chopatsidwa ndi chinthu chodzitengera. Zikapanda kukwana, musathamangire kufunsa kuti "waba?" Muuzeni afotokoze mtengo wa chinthu chilichonse. Nthawi zina wogulitsa ndiye wam'bera, nthawi zina yagwa panjira, ndipo mwana wonamiziridwa kuba pomwe sanabe amataya chifukwa chonenera zoona. Ngati wadyadi, K2 imeneyo ibwezedwe kuchokera pa ndalama yake ya chiwaya kapena ya zitumbuwa ya mawa, nkhani ithere pomwepo.

Udindowu uzikula ndi msinkhu. Wa zaka 10 apatsidwe ndalama ya mchere, machesi ndi sopo ya mlungu wonse pamodzi ndi kabuku kolembamo, ndipo Loweruka lililonse kabuku ndi ndalama yotsala zigwirizane. Wa zaka 14 angatumidwe kukatapa ndalama pa kabokosi ka Airtel Money kapena MTN, koma uthenga wa pa foni muuwerenge pamaso pake, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yanu nokha. Ana ambiri omwe lero akutapa ndalama za makolo kukabetcha anapatsidwa nambala yachinsinsi asanayesedwepo ndi K20.

Pambuyo pa kutuma, chachiwiri ndi kum'patsa chinthu chamoyo. Palibe chophunzitsa mwana kupirira ngati chinthu chomwe chimafa akachiiwala. Wa zaka 8 kapena 9 apatsidwe nkhuku imodzi ya thadzi, n'kumuuza pamaso pa abale ake kuti iyi ndi yake. Ntchito yake ndi madzi m'mawa asanapite kusukulu, gaga pang'ono, kutsekera madzulo ndi kuwerenga mazira. Nkhuku ya kumudzi imaikira mazira khumi kapena kupitirirako pang'ono, n'kukhalira masiku 21. Masiku 21 amenewo ndi sukulu yokwanira, chifukwa mwana amafuna kukazinga dzira lero, koma akadikira aona anapiye. Mumuthandize pa zomwe sangathe yekha, makamaka katemera wa chitopa wodontheza m'diso, yemwe amabwerezedwa pakatha miyezi itatu kapena inayi. Nkhuku zikafa ndi matenda omwe inu simunateteze, mwana amaphunzira kuti khama n'lopanda phindu. Koma anapiye akatengedwa ndi kabawi chifukwa iye anaiwala kuwavindikira, musam'gulire ena msanga, ndipo musam'tukwane. Chisoni chomwe ali nacho chakwana. Mungomufunsa kuti ulendo wina adzachita bwanji.

Cholakwa chachikulu pano n'chakuti alendo akabwera, amayi amagwira nkhuku ya mwana ija n'kupha osamufunsa. Tikupempha makolo, ichi musachite. Miyezi isanu ndi umodzi ya kuphunzitsa kulemekeza chinthu cha mwini imathera mu mphika umodzi. Ngati nkhukuyo ikufunika, mupempheni, mugwirizane mtengo kapena kuti mudzabweza ina, ndipo mubwezedi. Akagulitsa tambala wake woyamba, ndalamayo igawidwe patatu iye akuona: ina ya zosowa zake zakusukulu, ina yosunga, ina yothandizira panyumba kapena kugulira agogo sopo. Kumene kulibe malo a nkhuku, bedi limodzi la repu la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu kapena anayi m'litali limagwira ntchito yomweyo, chifukwa mu Seputembala ndi Okutobala bedi losathiriridwa masiku awiri limadziulula lokha.

Tsopano za bodza, pakuti apa ndi pomwe makolo amapsa mtima kwambiri. Ana ambiri amanama chifukwa anawerengera kale n'kupeza kuti kunena zoona n'kodula. Ngati wothyola kapu akaulula amalandira chilango chofanana ndi yemwe wabisa n'kugwidwa, ndiye wopusa yekha ndi amene angaulule. M'nyumba mukhale mitengo iwiri yodziwika kwa aliyense. Cholakwa choulula wekha chili ndi mtengo wotsika, kukonza chomwe waononga basi. Cholakwa chobisa chili ndi mitengo iwiri, wa cholakwacho ndi wa bodzalo, ndipo ziwirizi muzizitchula padera kuti mwana amve kuti chomwe chamudulira ndi kubisa. Musafunse funso lomwe yankho lake mukulidziwa kale. Mukaona shuga pamilomo, kufunsa kuti "ndani wadya shuga?" ndi kutchera mwana msampha woti aname. Nenani kuti mwaona wadya shuga, ndipo mukambirane za shugayo. Mwana akabwera yekha kudzaulula chinthu chachikulu, gwirani mtima ngakhale ukuwira. Nkhope yomwe muonetse mphindi yoyambayo ndi imene idzagamule ngati mtsikana wanu adzakuuzeni tsiku lomwe mwamuna wamkulu wayamba kumuvutitsa panjira ya kusukulu.

Chilango chogwira ntchito chimagwirizana ndi cholakwa, chimachitika tsiku lomwelo mkwiyo utatsika, ndipo chili ndi mapeto. Wang'amba buku la mnzake, alimate kapena akopere masamba otayikawo. Watukwana agogo, akapepese atagwada kapena atanjuta monga mwa mwambo wathu, n'kuwatungira madzi masiku atatu. Waba mango kwa aneba, apite ndi kholo lake kukaulula, n'kusesa pabwalo pawo. Kumana mwana nsima sikugwirizana ndi cholakwa chilichonse, ndipo mwana wanjala amaphunzira kuba m'miphika. Kum'chititsa manyazi pamaso pa anzake kumam'pangitsa kuuma mutu kuti ateteze ulemu wake. Ndipo dzina loti "kawalala iwe" kapena "hule iwe" likanenedwa ndi mayi wobereka limakakamira, mwana amalivala ngati malaya. Tchulani chomwe wachita, dzina lake lisiyeni. Chilango chikatha, chathadi. Kukumbutsa mwana mu Disembala za K5 yomwe anabweza mu Juni ndi kumuuza kuti kubweza n'kopanda ntchito.

Akonzi, zonsezi zimagwa ngati akuluakulu tikugwetsa ndi dzanja lina. Tiyeni tione nyengo yogulitsa mbewu. Bambo akulongedza thonje, auza mwana abweretse ndowa ya madzi awaze m'kati kuti lilemere pa sikelo. Mayi akuthira mchenga pansi pa thumba la soya, mwana ndiye wagwira kukamwa kwa thumbalo. Pamsika, meda (chitini choyezera mbewu) yogulira ndi ina, yogulitsira ndi ina yophwanyidwa pansi. Tikudziwa yankho lomwe alimi amapereka, kuti ogula nawonso amaba ndi masikelo awo, ndipo nthawi zambiri n'zoona. Koma mwana wogwira thumba uja sakuphunzira za masikelo a ogula. Akuphunzira kuti kunyenga n'kololedwa malinga ngati uli ndi chifukwa, ndipo chifukwa sichisowa. Chimodzimodzi wangongole akagogoda, kholo n'kunong'oneza mwana kuti "kawauze kulibe". Chimodzimodzi kutuma mwana ndi botolo kukagula kachasu, pomwe lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18, ndipo tujilijili, timapaketi ta mowa waukali, tinaletsedwa mu 2012 chifukwa cha ana omwewa. Chimodzimodzi kholo lomwe limasonkha ndalama yogulira mapepala a mayeso obedwa, kenako n'kudabwa kuti mwana wake wakula wokonda njira zachidule.

Choopsa kuposa zonse chimachitika mwakachetechete. Mtsikana wa zaka 15 wabwera ndi paketi ya shuga, mafuta odzola, mwina foni. Sagwira ntchito, palibe amene wam'patsa ndalama panyumba. Amayi alandira shuga uja, aphika tiyi, osafunsa. Sitikunyoza umphawi, tikudziwa kuti m'nyumba zambiri shuga ameneyo ndi woyamba mwezi wonse. Koma kusafunsako mtsikana amakumva ngati chilolezo. Lamulo la panyumba likhale loti chilichonse cholowa pakhomo chili ndi kochokera, ndipo kochokerako kutchulidwe. Mnyamata wobwera ndi nsapato zatsopano afunsidwe chimodzimodzi. Chinthu chosadziwika kochokera chibwezedwe, kholo liperekeze.

Kusukulu vuto ndi kuchuluka. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana abwerera ambiri, chomwe ndi chinthu chabwino, ndipo boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 chaka chomwecho. Komabe m'masukulu ena kalasi imodzi imafika ana 80 kapena kupitirira. Mphunzitsi mmodzi pa mphindi 40 sangadziwe mtima wa mwana aliyense, ndipo mwana wosadziwika dzina amachita zomwe sangachite pamaso pa omudziwa. Njira yomwe imathandiza ndi kugawa kalasi m'magulu a ana 8 kapena 10 omwe akhale limodzi temu yonse ya milungu 13. Gulu lililonse likhale ndi chake chosunga: lina mabuku a kalasi, lina matsache ndi ndowa, lina bedi la kudimba la sukulu, lina kulemba omwe sanabwere ndi kukawaona kwawo. Lachisanu lililonse, mphindi khumi zomaliza, gulu lililonse liwerengetse. Mabuku anali 25, alipo 25. Utsogoleri wa gulu uzisinthana milungu iwiri iliyonse kuti aliyense alaweko, makamaka mwana wovuta uja. Aphunzitsi ambiri amapereka udindo kwa ana ofatsa okhaokha, omwe kale ndi okhulupirika, n'kusiya amene akufunika kuphunzira. Mnyamata wosokoneza akapatsidwa kiyi wa kabati ya mabuku, n'kudziwa kuti Lachisanu awerengetsa, kawirikawiri amasintha msanga kuposa akanatumidwa kwa ahedi kakhumi.

Dimba ndi khola la sukulu zikhale ndi buku lomwe ana eni ake amalemba: mbewu zinagulidwa zingati, mitolo ingati yagulitsidwa, ndalama ili kuti. Ziwerengerozo zimatidwe pakhoma mwezi uliwonse. Kumene ana amalima koma masamba amangosowa kupita kunyumba za akuluakulu, sukuluyo ikuphunzitsa katangale ndi manja ake. Tikupemphanso ahedi kuti asiye kugwiritsa khasu ndi chikwakwa ngati chilango. M'chigawo chomwe chimadya ndi chimanga, nsawa, soya ndi mpendadzuwa, kuuza mwana wochedwa kuti akalime ndi kumuuza kuti ulimi ndi ntchito ya olakwa. Kulima kukhale kwa onse, pa nthawi yake, aphunzitsi nawonso atagwira khasu. Wochedwa abweze nthawi yomwe wataya potsala kumaliza ntchito yomwe anaiphonya, koma ayambe wafunsidwa chomwe chamuchedwetsa, chifukwa mwana woyenda makilomita asanu ndi awiri atatunga kale madzi sali m'gulu limodzi ndi wochedwa pa masewera a pulu.

Mphunzitsi wolangiza ana alipo pafupifupi pasukulu iliyonse, koma amapatsidwa makalasi odzaza ngati anzake onse ndipo alibe chipinda chokambiramo. Mtsikana sangaulule zakukhosi mu ofesi momwe aphunzitsi asanu akumwa tiyi. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ingathe kukonza zimenezi popanda kudikira Lusaka: kachipinda kamodzi, maola awiri odziwika pa mlungu, ndi mayi mmodzi wodalirika wa m'mudzi woti atsikana azimufikira. Ndipo makolo asamaitanidwe pa zoipa zokha. Kakalata ka mizere iwiri konena kuti mwana wanu wasunga mabuku a kalasi temu yonse osasowa ndi limodzi lomwe kamasungidwa m'Baibulo zaka zambiri. Mtsikana wobwerera kusukulu atabereka, monga ndondomeko ya boma ya 1997 imalolera, apatsidwenso udindo ngati anzake. Kumukhazika kumbuyo ngati chitsanzo choopsezera ena kumangomuthamangitsa kachiwiri.

Za miyambo yathu tilankhule mwaulemu koma mosabisa. Chinamwali ndi dambwe zili ndi mphamvu yomwe sukulu ilibe. Mawu a namkungwi mtsikana amawakumbukira mpaka ukalamba, ndipo Gule Wamkulu, yemwe bungwe la dziko lonse loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ali ndi zilombo zomwe ntchito yake ndi kudzudzula ulesi, uchidakwa ndi chiwerewere pabwalo. Kalonga Gawa Undi wakhala akunena poyera kuti ana akhale kusukulu ndipo maukwati a ana athe, ndipo kuyambira 2023 lamulo la dziko silivomereza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Choncho malangizo agawidwe pawiri. Wotha msinkhu pa zaka 12 kapena 13 alangizidwe za ukhondo, ulemu, kudzisunga, kukana mwamuna ndi kwa yemwe angathawire akakakamizidwa. Za m'nyumba ya ukwati zidikire tsiku lomwe ukwati wayandikira. Kuphunzitsa mwana wa giredi 6 zosangalatsa mwamuna kenako n'kumuuza kuti adikire zaka zisanu ndi chimodzi ndi kuyatsa moto pafupi ndi udzu wouma. Miyamboyi ichitike pa tchuthi, makamaka cha Ogasiti pomwe anthu akolola ndipo mitima ili ku Kulamba ku Mkaika, osati pakati pa temu. Chomwe chikusowa kwambiri ndi kubwereza. Malangizo a mlungu umodzi, ngakhale atakoma chotani, amazilala. Phungu yemwe anaperekeza namwali azimuchezera kamodzi pamwezi kwa chaka chathunthu, amufunse za sukulu, za anzake, za amene akumupatsa zinthu. Anyamata otuluka kudambwe nawonso akhale ndi wamkulu wowayang'anira, chifukwa ena amatuluka atamva kuti tsopano ndi amuna, osamva kuti mwamuna amalemekeza amake ndi aphunzitsi ake aakazi.

Palinso anyamata oweta ng'ombe za eni m'madera a Katete, Sinda ndi Chadiza, pa pangano loti pakatha zaka zingapo adzalandira ng'ombe yawo. Makolo ena amati ubusa umaphunzitsa kupirira, ndipo m'mawu athu oyamba aja tavomereza kuti khola ndi mphunzitsi. Koma kusiyana kulipo. Mwana woweta mbuzi za kwawo akaweruka kusukulu amabwerera kwa makolo madzulo n'kuwerengetsa. Mwana wotumizidwa kwa eni zaka zitatu kapena zinayi amakula pakati pa anzake okhaokha kuthengo, wopanda womulangiza, ndipo amabwerako ndi ng'ombe imodzi koma osadziwa kuwerenga chiphaso chogulitsira ng'ombeyo. Mafumu ndi manduna angathe kukonza kuti eni ng'ombe azisinthana kuweta m'mawa, ana azilandira masana ndi Loweruka.

Foni tisaiope, koma isalowe m'nyumba popanda pangano. Pangano lake likhale lalifupi ndipo linenedwe foni isanagulidwe: imagona kuchipinda kwa makolo kuyambira 20 koloko, kholo lili ndi ufulu woitsegula mwana ali pomwepo, ndipo pa nthawi ya chakudya palibe wogwira foni, kuphatikizapo bambo. Wophwanya pangano ailandidwe masiku awiri kapena atatu, osati mwezi, chifukwa chilango chachitali chimangom'tumiza kukabwereka ya mnzake komwe simungaone. Za kubetcha, kulalikira sikuthandiza kwenikweni. Khalani naye pansi ndi pepala, alembe ndalama iliyonse yomwe waika ndi iliyonse yomwe wapata pa mwezi wathunthu, awonkhetse yekha. Achinyamata amakumbukira tsiku limodzi lomwe anapata K200 n'kuiwala masiku makumi awiri omwe anataya K20. Pepala siliiwala. Ngati bambo nawonso amabetcha, mapepala akhale awiri.

Mawu amodzi kwa aneba. Kale tinkati mwana wa mnzako ngwako yemwe, lero munthu akadzudzula mwana wa mnzake amayankhidwa kuti "munamubereka ndinu?" Izi sizingakonzeke ndi kudandaula. Mabanja anayi kapena asanu oyandikana, kapena a mumphakati umodzi wa tchalitchi, akhale pansi agwirizane poyera, ana akumva, kuti wamkulu aliyense wa m'mabanjawa angathe kuimitsa mwana wopezeka pamsewu nthawi ya sukulu kapena pamalo a mowa, n'kukanena kwa makolo ake tsiku lomwelo. Osamenya, osatukwana, kungoimitsa ndi kukanena. Kholo lolandira uthengawo liyambe ndi zikomo, ngakhale mtima ukuwawa, lifufuze pambuyo. Likangoyankha mwaukali kamodzi, palibe adzabwerenso, ndipo lidzamva za mwana wake kupolisi.

Pali pomwe njira zapanyumbazi sizikwanira. Mwana yemwe wasintha mwadzidzidzi, wasiya kudya, akugona masana, maso ofiira, katundu akusowa m'nyumba mlungu uliwonse, mwina wayamba chamba kapena mankhwala ena, ndipo afunika achipatala ndi alangizi a bungwe lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo la Drug Enforcement Commission, omwe ali ndi gawo lolangiza osati kumanga kokha. Mtsikana kapena mnyamata yemwe wayamba kuopa munthu wina wake, kukodza pogona atakula kale, kapena kukana kutsala yekha ndi wachibale, asakalipiridwe kuti wachita mwano. Afunsidwe pambali, modekha, ndi munthu yemwe amamukhulupirira. Zikapezeka kuti wachitidwa nkhanza, nkhaniyo si yokambirana pabanja n'kulipiritsa mbuzi. Apite naye kuchipatala msanga, pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo nkhani ikafike ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitidwa nkhanza. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, mwana angathe kuimba yekha, ndipo tikupempha kuti ilembedwe pakhoma la kalasi iliyonse ndi pa chitseko cha tchalitchi chilichonse m'chigawo chino.

Ndife,
Aphunzitsi ndi alangizi,
Chipata ndi Katete